Kachigayo ka aNachisale

Loweruka lapitali tinali kumanda ku Mua, kudalitsa chiliza cha azakhali anga aNachisale, amene anatisiya chaka chatha mwezi ngati uno. Misa itatha tinazungulira manda, ndipo mwana wawo Dominiko, msuweni wanga, anaimirira kuti alankhule m'malo mwa banja. Anali m'suti yakuda padzuwa la Okutobala, thukuta likutsikira m'khosi. Anati mayi ake anali munthu wofatsa, wosadziwa kubweza mawu, ndipo anagona mumtendere ali m'manja mwa ana awo amene anawasamalira mpaka tsiku lomaliza. Amayi a kwaya anagwedeza mitu. Ine ndinayang'ana pansi n'kuluma mlomo, chifukwa ndikanati nditsegule pakamwa, mwambo ukanathera pomwepo.

Wofatsa ndani? Pagulu lija panali azimayi ambiri amene anachira m'manja mwa azakhali pa nthawi imene anali mzamba, ndipo aliyense wa iwo akukumbuka mmene anakalipidwira ali pabedi. Panali abambo amene anathamangitsidwa pakhomo la chipatala chifukwa chobweretsa mkazi mochedwa, eni akewo akununkha mowa. Panali ngakhale akatekisiti amene anauzidwa pamaso pa anthu kuti ulaliki wawo umakhotakhota ngati msewu wa Khwekhwerere, koma kumtunda sufika. Onsewa anangomvetsera Dominiko akuveka mayi ake chitenje chimene iwo ali moyo sakanalola kuvala. Munthu akafa alibenso pakamwa, ndiye amoyo amam'panga chimene akufuna. Ine sindilola. Ndinena mmene analili, ndi zimene tinawachita.

Komaliza kuwaona ali moyo kunali ku Lilongwe, kunyumba kwa Dominiko, kutatsala miyezi iwiri kuti amwalire. Ndi nyumba yampanda, yamatailosi oterera. Ndinawapeza atawakhazika pampando wofewa kuchipinda, kuyang'ana khoma la mpanda kudzera pawindo. Mkazi wa Dominiko anandilandira bwino, ndisaname, ndipo anandionetsa makina awo a khofi kukhitchini, akuda, onyezimira. Umaponyamo kachibekete kotsekedwa kale kufakitale, n'kudina batani, khofi n'kutuluka yekha. Anati anawagula poganizira amayi, popeza amakonda khofi. Koma amayiwo kukhitchiniko sankaloledwa kupondako, ati kuopa kuti angagwe kapena kupsa. Khofi wawo ankawapititsira kuchipinda m'kapu ya pulasitiki ya chivindikiro ndi kamlomo, yonga ya mwana amene akuphunzira kumwa.

Azakhali anailandira kapuyo, anainunkhiza, n'kuiika pansi pafupi ndi mwendo wa mpando. Mkamwana wawo atatuluka anandikodola kuti ndisendere pafupi. Mawu awo anali atachepa, koma maso anali omwe aja.

"Tereza, kachigayo kanga ukumakapaka mafuta?"

Ndinati eya. Ndinanama. Kachigayoko kanali katapita kale ndi anthu ogula zitsulo zakutha, ndipo ine ndinkadziwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kuwindo. Sanandifunsenso kanthu, ngakhale za bambo anga, omwe ndi achimwene awo.

Kuti mumvetse chimene kachigayo kaja kanali, ndiyambe ndi khofiyo. Kwathu kuno kunsi kwa mapiri, kumene kutentha kumakugwira usanasukusule n'komwe, anthu amamwa tiyi ndi thobwa. Khofi amene ambiri amadziwa ndi wa m'timapaketi ta pagolosale, wongosungunula. Azakhali wawo anali wina. Anaphunzira kwa asisiteri ena achikulire amene anawaphunzitsa uzamba ali mtsikana, ndipo chizolowezicho anafika nacho kumudzi, pakati pa Mua ndi Mtakataka, n'kukhala nacho zaka zonse za ntchito mpaka za kupuma. Anthu ankawaseka kuti amamwa madzi a makala. Iwo ankabweza kuti munthu wothira masipuni anayi a shuga m'kapu asamalowerere nkhani za kukoma, chifukwa lilime lake linafa kalekale.

Njere zinkachokera kumtunda, ku Bembeke, kwa mayi wina amene azakhali anamuchiritsa mapasa. Mayiyo anali ndi mitengo ingapo kuseri kwa nyumba, ndipo chaka ndi chaka ankatumiza kathumba kudzera mwa anthu otsika ndi mbatatesi ndi kabichi kumsika wa Golomoti. Lachinayi lililonse azakhali ankakazinga zokwana sabata imodzi basi. Ankakazingira paphale, pambaula ya makala, ndi mthiko umene sunkaloledwa kugwira china chilichonse. Pa nthawi imeneyo munthu sunkawalankhula. Ankamvetsera njere zikuthetheka, khutu lili tcheru ngati mmene ankamvetsera mimba ya mayi woyembekezera. Zikatheka ankazikhuthulira m'lichero n'kupeta. Kusinja ndiye kunali kwa tsiku ndi tsiku, m'mawa, m'kamtondo kakang'ono, zokwana kumwa nthawi yomweyo. Ankati khofi wosinja dzulo ali ngati moni wa dzulo, sungam'patse munthu lero. Madzi akawira sankathira pomwepo, ankayamba apemphera mikanda itatu ya kolona kuti ukali wa madziwo utsike. Ine ndinawafunsapo ngati Mulungu amalandira mapemphero owerengera madzi. Anati amalandira, chifukwa ndi okhawo amene iwo amapemphera osakwiya.

Kamtondo kameneka ndi kamene kanawadanitsa ndi mnansi wawo Abiti Saidi, mayi wachisilamu wogulitsa nsomba zouma, amene nyumba yake inali kuseri kwa mpanda wa udzu. Lamulungu lina azakhali ali kutchalitchi, Abiti Saidi anapeza kamtondo kali pakhonde, anakabwereka mwa iye yekha, n'kusinjiramo tsabola, adyo ndi anyezi. Anakatsuka bwinobwino ndi mchenga n'kukabwezera pamalo pake. M'mawa mwake azakhali anasinja, anasefa, anamwa kamodzi. Sanalavule. Ananyamuka ndi kapuyo m'manja mpaka pakhomo pa Abiti Saidi, n'kumuuza kuti amwe yense pamaso pawo, popeza ndiye wakonza ndiwozo. Kenako anabwerera, anatenga kamtondo kaja n'kukaponya pamwamba pa mpanda, kunena kuti kakhale ka adyo mpaka kalekale. Nyengo ya mvula inadutsa kawiri anthu awiriwa osapatsana moni. Bambo anga anayesa kuwayanjanitsa, koma azakhali anawafunsa ngati anayamba amwapo khofi wa anyezi, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Anagonja ndi Abiti Saidi, koma mwa njira yake. Anasemetsa kamtondo katsopano ka mlombwa n'kukasiya pakhomo pa azakhali osanena kanthu. Azakhali anakayang'ana sabata yathunthu. Anasinjiramo mpunga wouma katatu kuti fungo la mtengo lichoke, ndipo tsiku lachisanu ndi chitatu anaitana pampanda kuti khofi wapsa. Abiti Saidi anamwa, anakwinya nkhope, anati akuwawa ngati kwinini. M'mawa mwake anabweranso. Kuyambira pamenepo ankabwera tsiku lililonse, kupatula mwezi wa Ramadani, ndipo ankakhala pakhondepo kutsutsana za chilichonse, kuyambira mtengo wa usipa mpaka za amene adzalowe kumwamba.

Manja anayamba kunjenjemera azakhali atapuma kale ntchito. Linayamba ndi lamanzere, kenako lamanja. Iwo anadziwa msanga chimene chinali, anali munthu wa chipatala, ndipo anapita okha kukatenga mankhwala. Chimene chinawapweteka si dzina la matendawo. Chinali choti munsi unayamba kuphonya. Ankati akamenya, njere zinkadumphira pansi, nkhuku n'kumathamangira. Ndinawapeza tsiku lina atagwada, akutola njere imodziimodzi m'fumbi ndi zala zosamverazo. Nditati ndiwathandize anandikalipira. Atatha kutola anakhala pansi, anapuma, n'kundiuza kuti sukulu imene ndimaphunzitsa ikatsekera ndiwaperekeze kukafuna kachigayo.

Nkhaniyo inam'fika Dominiko, ndipo tisanapite kulikonse anatumiza katoni paminibasi. Munali kachigayo kamagetsi ndi jagi yagalasi ya khofi, ija ya kasefa kodinikizira pansi. Mwanayo anachita zimenezi ndi mtima wabwino, sindikana. Koma sanafunse. Dominiko sanayambe wafunsapo mayi ake chimene akufuna, amangotumiza chimene iye waona kuti n'choyenera, n'kudikira kuthokozedwa. Azakhali anadikira magetsi kuti ayake, anathiramo njere, anadina. Kanalira ngati mavu. Anakhuthulira ufawo pambale yoyera n'kuuyala ndi chala. Wina unali fumbi, wina unali zibenthu zazikulu ngati mphale. Anatsegula n'kundionetsa timipeni tiwiri ta m'katimo. Anati aka sikapera, kamangomenyana ndi njere, ndipo khofi wotere wina amawawa, wina amakhala madzi, m'kapu imodzi yomweyo. Anawonjeza kuti sangaike m'mawa wawo m'manja mwa magetsi amene amabwera ngati mlendo. Jagi ija anaikonda pang'ono, koma tsiku lachitatu inawapulumuka. Anasesa magalasiwo okha, n'kunena kuti galasi ndi la anthu amene manja akuwamverabe. Kachigayo kamagetsi anakabwezera m'katoni mwake n'kukatumiza ku Lilongwe. Dominiko zinamuwawa, ndipo ndikhulupirira kuti sanaiwale.

Tinayenda misika itatu, wa Golomoti, wa Mtakataka, mpaka ku Salima. Azakhali anamanga njere zokazinga pa kampango, ndipo wogulitsa aliyense ankamuuza kuti sagula chinthu chimene sanachiyese. Ena ankakana, iwo n'kuwasiyira mawu owawa n'kumapita. Pa sitolo ina tinapeza kachigayo kokongola ka bokosi lathabwa, kokhala ndi kadirowa. Ine ndinasangalala kuti ulendo watha. Iwo anakapanira pakati pa maondo, anapukusa kawiri, bokosi n'kuterereka. Anati aka kamafuna manja awiri olimba, limodzi logwira, lina lopukusa, ndipo iwo alibe ngakhale limodzi. Anandiuza kuti ndisiye kuyang'ana kukongola, ndiziyang'ana manja awo.

Tinakapeza ku Salima, kwa bambo wina wogulitsa ziwiya zakale zochokera kunja. Kanali kachitsulo chakuda, kolemera, ka chogwirira chachitali, kokhala ndi chomangira chake chokulungira m'mphepete mwa tebulo. Kutsogolo kunali sikuluwu yosinthira kuti ufa uzituluka wosalala kapena wokhakhala. Wogulitsayo anati n'koperera mtedza. Azakhali anamuuza kuti akamasule. Anayang'ana mano a m'katimo, anawapapasa, ananunkhiza ngati munalowapo mtedza kapena tsabola. Kenako anakamangitsa pabenchi la mwini wakeyo, anathira njere zawo, n'kuyamba kupukusa. Ndinaona chinthu chimene sindidzaiwala. Dzanja lija, litagwira chitsulo cholemera n'kuyamba kukankha, linasiya kunjenjemera. Linkagwira ntchito ndi phewa, zala zinkangotsatira. Ufa unatuluka wofanana wonse, ngati mchenga wa kumtsinje. Azakhali sanamwetulire, sinali mbali yawo. Anangoti, "Tiyeni nako."

Zotsalazo anazikonza chimodzichimodzi, chilichonse poyang'ana chimene manja awo akanatha. Ketulo yaikulu anaisiya. Anapita kwa mmisiri wokhoma zidebe pamsika wa Mtakataka kuti awapangire yaing'ono, ya mlomo wautali wopyapyala, ya zogwirira ziwiri. Mmisiriyo anaipanga katatu. Yoyamba inkatulutsa madzi ambiri, yachiwiri inkadontha pakhosi, ndipo pofika yachitatu bamboyo ankabisala akawaona akubwera. Zogwirirazo anazikulunga ndi chingwe cha khonje kuti zisamaotche. Kathumba kosefera anasoka ndi nsalu yoyera yolimba, n'kukakoleka pa waya wopinda amene anakhomera pathabwa, kuti pothira asamakagwire. Pathabwa lomwelo anabooletsa maenje okwana matako a makapu achitsulo, kuti kapu ikakhala isasunthe ngakhale ataigunda. Zonsezi zinatenga miyezi. Pamapeto pake mayi amene sankatha kumanga mabatani a bulauzi yake ankatha kupanga khofi kuyambira njere mpaka m'kapu popanda womugwirira kanthu. Anakhala choncho zaka zitatu.

Tsopano ndinene mbali yanga, chifukwa mkwiyo wanga sukupita kwa Dominiko yekha. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinawapeza atamanga nsalu padzanja. Nditaumirira anandionetsa. Linali bala lamoto, lalikulu, kuyambira pachikhatho mpaka pamkono. Ndinafunsa chachitika n'chiyani, iwo anati si nkhani yanga. Ndinachita mantha. Nditafika kwathu ndinaimbira foni Dominiko, ndipo ndinamuuza chimene ndinkangoganiza ngati kuti ndachiona ndi maso. Ndinati amayi apsa ndi madzi a khofi. Patapita masiku awiri Abiti Saidi anandiuza zoona zake. Sanapse ndi khofi. Anapsa ndi mphika waukulu wa madzi osamba umene anayesa kuutula okha pamafuwa, chifukwa Abiti Saidi, amene ankawatulira masiku onse, anali atapita kumaliro. Ndinaimbanso kuti ndikonze mawu anga. Dominiko anati khofi kapena madzi osamba n'chimodzimodzi, iye wamva zokwanira.

Anabwera Loweruka lotsatira, ndipo anaitana bambo anga kuti adzakhalepo ngati mwini mbumba. Tinakhala pakhonde la azakhali, Dominiko, bambo, ine, ndi Abiti Saidi amene sanaitanidwe koma anabwera ndi mpando wake. Dominiko analankhula nthawi yaitali. Anati amayi sangakhalenso okha. Anati ku Lilongwe kuli madokotala, kuli chipinda chawo chokonzeka. Kenako analoza tebulo la pakona, pamene panali kachigayo, thabwa ndi ketulo, n'kunena kuti taonani, munthu wodwala manja tsiku lililonse akusewera ndi moto ndi madzi owira chifukwa cha chakumwa chimene iye akhoza kuwagulira chopangapanga. Anatchula kachigayo kamagetsi kamene anabwezeredwa. Anati kukana chinthu chapafupi n'kusankha chovuta ndi chizindikiro choti mutu wayamba kusokonekera. Mawu amenewo anawanena mayi ake ali pomwepo, ngati akunena za munthu amene ali kutali.

Azakhali anadzuka pang'onopang'ono, anapita pambaula, anakoleza makala, anaikapo ketulo. Dominiko anati akhale pansi nkhani isanathe. Abiti Saidi anamuuza kuti asiye mayi ake. Azakhali anayeza njere ndi kachivindikiro kawo, anathira m'kachigayo, anagwira chogwirira ndi dzanja lomangidwa nsalu lija. Ndinkaona kuti balalo likuwapweteka, milomo inali italumana, koma sanasinthe dzanja. Pakhonde ponse pankangomveka kukukuta kwa njere. Madzi atawira anaphula, anaima chilili, milomo ikuyenda. Kenako anagwira ketulo ndi manja onse awiri n'kuyamba kuthira m'kathumba kaja, pang'onopang'ono, mozungulira. Mikono inkagwedezeka, koma madzi ankagwera pamene iwo akufuna. Ketuloyo inali yaing'ono, choncho anabwereza kawiri kuti akwanitse makapu asanu. Anatipatsa mmodzimmodzi, kuyambira achimwene awo. Pathabwa panalibe dontho, pansi panalibe dontho.

Bambo anamwa. Abiti Saidi anamwa mokweza dala. Inenso ndinamwa. Dominiko anaika kapu yake pansi pafupi ndi phazi osailawa.

"Amayi, nkhani si ya khofi," anatero.

"Nanga ndi ya chiyani? Wati sindingathe. Waona."

"Lero mwatha. Nanga mawa?"

"Mawa likadzafika ndidzakuuza ndekha. Ndauzapo anthu ambiri zoona pamene zinthu zavuta, sindingalephere kudziuza ndekha." Kenako anandiyang'ana ine, koma akulankhulabe ndi Dominiko. "Amene anakuimbira foni anakuuza za bala. Za zaka zitatu zimene wakhala akumwa pakhonde pano sanakuuze?"

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinayesa kulankhula, ndinati ndinalakwitsa, ndinati ine ndi Abiti Saidi tikhoza kumasinthana kuwaona m'mawa ndi madzulo, ndipo madzi osamba tizitula ndife. Abiti Saidi anavomera pomwepo. Dominiko anayankha kuti mayi ndi ake, ndipo akadzagwera pamoto anthu adzaloza iye, osati msuweni kapena mnansi. Pamenepo ndi pamene panagona nkhani yonse, zimene anthu adzanene za iye. Onse tinayang'ana bambo. Bambo anga ndi munthu woopa phokoso, ndipo moyo wawo wonse ankaopa alongo awowa. Tsiku limenelo anapeza woti abisale kumbuyo kwake. Anayang'ana m'kapu mwawo n'kunena kuti mwana wanena zanzeru, achemwali apite akapume.

Azakhali anawayang'ana achimwene awo mpaka bambo anayamba kukanda bondo. Kenako anawerama movutikira, anatola kapu ya Dominiko imene inali itazizira, anaimirira, n'kuikhuthula pang'onopang'ono pansi, pakati pa nsapato zake. Khofi anathovukira pathalauza. Dominiko analumpha.

"Uyu yekha ndi amene ndataya lero," anatero azakhali. "Ndipo ndataya dala."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Patapita masabata awiri galimoto inabwera. Ine ndinkaganiza kuti akana, atukwana, agwira mzati wa khonde. Sanatero, ndipo zimenezi ndi zimene zimandiwawa koposa. Mwini mbumba anali atalankhula, ndipo iwo, ndi ukali wawo wonse, anali munthu wa mwambo. Anapempha chinthu chimodzi, kuti kachigayo ndi thabwa lawo zipite nawo. Dominiko anati m'galimoto mulibe malo, adzazitenga ulendo wina. Malo analimo, ndinaona ndi maso anga, munalowa thumba la mpunga wa ku Bwanje ndi nkhuku ziwiri. Mwezi wotsatira iye ndi mkazi wake anabwera kudzakonza m'nyumba kuti aikemo alendi olipira pamwezi. Ine ndinali kusukulu. Pamene Abiti Saidi ankanditumizira uthenga n'kuti ogula zitsulo zakutha atadutsa kale ndi ngolo yawo. Kachigayo, ketulo, mbaula, zonse zinapita limodzi ndi makasu othyoka ndi mafelemu a njinga. Thabwa lija analiwaza nkhuni. Nditamufunsa Dominiko anadabwa kuti ndikukwiyira chiyani, anati zinali zinyalala, ndipo amayi ali ndi makina abwino kuposa amenewo.

Anakhala ku Lilongwe miyezi isanu ndi iwiri. Anthu amati matenda anakula. Mwina anakuladi. Koma ine ndikudziwa kuti mayi amene ananyamuka kuno ankadzuka yekha, kukoleza moto yekha, kukangana ndi mnansi wake mpaka dzuwa kukwera. Kumeneko anam'chotsera chilichonse chimene akanachita ndi manja ake, n'kumuuza kuti apume. Sanagwe, sanapse, bala lina sanalione. Anangokhala pampando wofewa uja mpaka anatha. Zimenezi ndi zimene Dominiko anazitcha mtendere pamanda paja, anthu n'kuvomera.

Mwambo wa chiliza utatha anthu anapita kukadya kwa bambo. Ine sindinapite. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba kwa azakhali. Alendi aja sanapezeke, nyumba ili chitsekere. Loko wachita dzimbiri. Pawindo lakuchipinda galasi limodzi linasweka ndipo wina anatsekapo ndi katoni, imene mvula inainyowetsa n'kuipinda. Chiswe chakwera mzati wa kumanzere mpaka kudenga, ndipo lata limodzi lamasuka, likungogubuduka mphepo ikawomba. Bwalo limene linkasesedwa mpaka kuwala ladzala chisoso chouma ndi mapepala a masiwiti. Pakhonde, pamene tinkakhala, panagona mbuzi zitatu za eni ake, zikubzikula, ndowe zili mbwee mpaka pakhomo. Ndinaziyingitsa ndi mawu, sizinasunthe. Yaikuluyo inangondiyang'ana, n'kupitiriza kutafuna ngati mlendo ndine.